Pepala likukwinyika mu plotter, head ikukhula, thandizeni

Mayi Nachisale, pa Boma ku Mangochi:
Moni nonse. Plotter yanga ya ma inchi 36, ija ndimasindikizira mapulani a nyumba, yandisowetsa mtendere. Chiyambire mvula pepala silikuyenda bwino. Limalowa bwinobwino, koma likangoyenda pang'ono limatukumuka, head (kachipangizo koyenda uku ndi uku kakuthira inki) n'kumalikhula, inki n'kupakika mizere yakuda pa pulani yonse. Nthawi zina limakwinyika mbali imodzi mpaka makina kuima n'kulemba paper jam. Pepala ndi lomwe lija la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) ndimagula ku Limbe nthawi zonse. Kasitomala akufuna mapulani a A1 a nyumba ya alendo imene akumanga ku Makawa, akuti Lolemba akapereke ku khonsolo. Mpukutu watsala theka chifukwa chongotaya. Nditani abale anga?

Yusufu, Namwera:
Pepani mayi. Kwezani head basi. Lowani mu menyu ya pepala muike pa mwamba penipeni, sikhulanso.

Kondwani:
Kapena mulisite kaye ndi simbi ya makala, lidzalowa lili nyaa. Kikiki.

Mayi Nachisale:
A Kondwani inu mumaseka pamaliro. A Yusufu ndakweza kale kamodzi, kukhula kwachepa koma kukwinyika kulipobe.

Bambo Mbewe:
Amayi, musamasule chilichonse kaye ndipo musaitane munthu. Ndiuzeni zinthu ziwiri. Makwinyawo akuyamba inki isanagwe kapena itagwa? Nanga ali m'mphepete, pakati, kapena akudutsa chopingasa kuchoka kungodya ina kupita kwina? Tsegulani chivundikiro pepala lili momwemo, muyang'ane cham'mbali, diso lili pafupi ndi pepalalo.

Mayi Nachisale:
Ndayang'ana bambo. Mphepete ya kumanzere ili ndi timafunde ngati malata, ngakhale pomwe sipanagwe inki. Ya kumanja ili bwinobwino. Ndiye pali tsamba lina lomwe lili ndi chithunzi cha nyumbayo itatha, kumbuyo kuli nyanja ndi thambo, buluu yekhayekha. Pamenepo ndiye likutukumuka pakati ponse ndipo ukaligwira ndi lonyowa.

Bambo Mbewe:
Ndiye kuti matenda ndi awiri, ndipo onse ndi a madzi. Ndifotokoze pang'ono, mundipirire, ndakalambira pa mapepala a mapu.

Pepala limapangidwa ndi tiulusi ta mitengo. Tiulusi timeneti tikamwa madzi timanenepa, koma sititalika kwenikweni. Mu mpukutu tonse timagona motsata utali wa pepala, choncho pepala likamwa madzi limakula m'lifupi. Tsono m'makinamo lagwidwa ndi ma pinch roller, timawilo tokanikiza pepala, kuchokera uku mpaka uko, lilibe kothawira cham'mbali. Kotsala n'kumwamba, komwe head ikudutsa. Mpata wa pakati pa head ndi pepala ndi wa mamilimita ochepa kwambiri, kafunde kakang'ono kakwana kuti ikhule.

Timafunde ta m'mphepete tija ndi chinyezi cha mumpweya. Mpukutu umamwa kuyambira m'mbali, pakati pali pothinana sipafika mpweya msanga. Mphepete imakula, pakati n'kutsala momwe panalili, ndiye mphepeteyo imachita mafunde. Kuti ndi mbali imodzi yokha, ineyo ndikuganiza kuti mbali imeneyo ndiyo inagunda pansi kapena pakhoma. Mumausunga bwanji?

Kutukumuka kwa pa buluu ndi inki. Inki ya ma plotter a mapulani ndi ya madzi. Pepala la 80 gsm analipangira mizere ndi manambala, osati nyanja yathunthu. Mukalithira buluu kuchoka mbali kufika mbali limakhuta madzi lisanachoke n'komwe pansi pa head.

Mayi Nachisale:
Mipukutu yonse imaima pakona kuseri kwa kauntala, pasimenti. Umenewu jumbo yake inang'ambika m'minibasi pobwera.

Che Jafali, M'baluku:
Eee amayi, pasimenti ya kuno m'dzinja? Ife tili pakati pa nyanja ziwiri, Malawi uku Malombe uku, Shire akudutsa pakhomo. Simenti ya pa Boma imatuluka thukuta yokha mu Febuluwale. Chaka cha 2024 madzi a nyanja atakwera n'kulowa m'malo ogona alendo, kwathu ngakhale makatoni a pashelefu anafewa.

Gift, Limbe:
Ndalowa mochedwa. Akuluakulu zimene mwanenazo ndi zoona koma tisathamangire kuweruza pepala lokha. Makina ambiri amene ndimatsegula a kunyanja amakhala ndi lawo vuto, mvula imangoliulula. Pepala louma lolimba limayenda ngakhale roller imodzi itatopa. Likafewa ndi chinyezi ndi pamene roller yotopayo imaoneka, mbali ina ikukoka mbali ina ikuterera, pepala n'kupita chokhota mpaka kukwinyika pakona. Paper jam ya mbali imodzi imene akunena mayiyi ikhoza kukhala imeneyo.

Bambo Mbewe:
Achimwene, akuti mafunde alipo pepala lisanayende n'komwe.

Gift:
Ndamva bambo. Koma mafunde ndi china, jam ndi china. Tiyeni tiyese m'malo mokangana. Mayi, dulani pepala kuchokera pa mpukutu womwewo, lotalika ngati A1, 841 mm. Mulembe chizindikiro ndi pensulo kumbali ya mafunde. Kenako mulizunguze, kumutu kupite kumiyendo, osalitembenuza nkhope, kuti mbali ya mafunde ipite kumanja. Mulilowetse ngati sheet, musindikize pulani ya mizere yokha. Vuto likasamukira kumanja, ndi pepala. Likakhalabe kumanzere, makina ali ndi mlandu.

Bambo Mbewe:
Imeneyo ndiye nzeru. Ndavomera.

Mayi Nachisale:
Ndiyesa akangochoka makasitomala a fotokope awa.

Kondwani:
Zoseka pambali, bwanji osangouika padzuwa mpukutuwo? Dzuwa la Mangochi limaumitsa usipa tsiku limodzi, pepala lingakanike?

Fatuma, Monkey Bay:
Ayi achimwene musawaphunzitse zimenezo. Padzuwa pamauma kunja kokha, mkati muli chinyezi chomwe chija. Kenako mphepete imauma kuposa pakati n'kukhwinyata, pepala limatukumuka pakati tsopano. Mwangosintha malo a vuto. Komanso fumbi la pamsewu limamatirira, lonselo likathera pa head.

Bambo Mbewe:
Zoona mwana wanga. Pepala limafuna kuzolowera mpweya wa m'chipinda chimene lisindikizidwire, pang'onopang'ono. Mpukutu watsopano muufikitse m'chipindamo dzulo lake, ugone usiku wonse. Mabuku ambiri a makinawa amanena chinyezi cha pakati pa 40 ndi 60 pa 100. Kuno m'dzinja timadutsa pamenepo kutali. Amene angathe agule kachipangizo koyezera chinyezi, kaja kamaonetsa kutentha ndi chinyezi limodzi, akapachike pafupi ndi makina. Ukamaona nambala umadziwa tsiku loyenera kusindikiza zithunzi ndi tsiku longochita mizere.

Yusufu:
Kwathu ku Namwera sindinaonepo zimenezi, pepala lomwelo la 80.

Che Jafali:
Inu muli paphiri Che Yusufu, mphepo ikukuombani. Tsikirani kuno mudzaone.

Fatuma:
Ine ndimasindikiza sublimation, za malaya a timu ndi makapu. Pepala lathu ndiye losachedwa kukwiya chifukwa timathira inki yambiri. Chimene chinandithandiza ndi ichi: madzulo sindisiya mpukutu m'makina. Ndimautulutsa, kuubwezera m'jumbo yake, kumanga kukamwa ndi labala, n'kuugoneka pashelefu yamatabwa. Ukausiya momwemo, mbali imene ili panja imamwa chinyezi usiku wonse, ndipo pomwe ma roller anakanikiza pamatsala tizipsera. Tsiku limene ndaiwala, m'mawa ndimayamba ndakoka pafupifupi theka la mita n'kudula, kenako kusindikiza. Timapaketi ta silica tija timabwera m'makatoni a nsapato ndi a mafoni musamataye, ponyani m'jumbomo.

Mayi Nachisale:
Ndabwera. Ndachita monga munanenera a Gift. Mafunde asamukira kumanja pamodzi ndi chizindikiro cha pensulo, ndipo kukhula kwachitika kumanja. Kumanzere kwayera. Koma pali china. Pepala silikugona bwino pakati pa platen, paja pepala limagona pansi pa head, ngakhale pomwe palibe mafunde, ndikaliyang'ana cham'mbali likuoneka loyandama pang'ono.

Gift:
Ehe. Ndiye a Mbewe apambana pa mphepete, koma changa chija chikubwera. Makina anu ali ndi timabowo pa platen? Mukayamba kusindikiza mumamva fani ikulira pansi?

Mayi Nachisale:
Timabowo tilipo tambiri. Fani imalira.

Gift:
Timabowo timeneto ndi toyamwa mpweya kuti pepala limatirire pansi. Makina ena ang'onoang'ono alibe, koma anu ali nato. Zimitsani makina, zulani pulagi, muwalitse tochi ya foni. Fumbi la pepala lochokera pa cutter, kampeni kodulira pepala, limagwera mmenemo, likasakanikirana ndi nkhungu ya inki ndi chinyezi limauma n'kutseka. Kunyanja ndimapezamonso tizilombo tija timatsata nyali usiku, ndi zitosi za nalimata. Tengani kamtengo ka thonje kaja kotokosera m'khutu, konyowa pang'ono ndi madzi, mutokose bowo lililonse. Musalowetse waya kapena singano. Platen yonse mupukute ndi kansalu kosasiya ubweya.

Mukatero muone ma roller. Yapansi ija yokhakhala, mupeze mswachi wakale wouma muitsuke mukuizunguza pang'onopang'ono. Tam'mwamba tija muzunguze ndi chala kamodzikamodzi. Kalikonse kazungulire momasuka, ndipo mukatsitsa kakanikize mofanana ndi anzake. Mukapeza kena kolimba kapena kophwatalala mbali imodzi mundiuze. Kansalu kapulasitiki koonekera kaja kamene kamadutsa kumbuyo kwa head, ka encoder, musakakhudze ndi zala za inki, mungayambitse nkhani ina.

Che Jafali:
Pamene amayi akutokosa, ndinene za ife a ma banner ndi masitika, poti wina adzafunsa mawa. Makina athu osindikizira ma banner, a inki ya eco-solvent, vuto lake limaoneka chimodzimodzi koma gwero nthawi zambiri ndi heater. Ali ndi heater kumbuyo, pansi pa head, ndi kutsogolo yowumitsira. Anyamata amakopera manambala pa YouTube, munthu ali ku dziko lozizira waika madigiri 45, iwonso 45. Kuno mu Okutobala m'shopu ya malata muli kale kupitirira 35 heater isanayake. Vinyl, pulasitiki ya masitika ija, imafutukuka, imakweza timizere pakati pa roller ndi roller, head n'kupala. Ine nyengo yotentha ziwiri zoyambazo ndimatsitsa kwambiri, yakutsogolo yokha ndiyo ndimaisiya. Muzitsitsa pang'onopang'ono mpaka timizere titagona, koma inki isayambe kuyenderera.

Ndipo m'dzinja sitika nayonso imavuta, anthu amadabwa poti ndi pulasitiki. Amaiwala kuti kumbuyo kwake kuli pepala. Pepalalo limamwa chinyezi, vinyl simamwa, ndiye ziwirizi zimakokana, mphepete n'kupiringizika. Tizitsulo togwira m'mphepete tija anakupatsani pogula makina si tokongoletsa ayi. Ambiri anatichotsa tili m'dilowa.

Kondwani:
Tanga tilidi m'dilowa Che Jafali, mwandiona bwanji?

Che Jafali:
Ndimakudziwani. Chinanso ndi kalowetsedwe. Nthawi ya kampeni ya 2025 ma banner ankatuluka usana ndi usiku, ndipo ambiri amene anawonongeka m'mashopu sichinali chinyezi, kunali kouma nthawi imeneyo. Kunali kufulumira. Mpukutu wa banner ndi wolemera. Ukaulowetsa chokhota ndi milimita imodzi, pofika mamita asanu wapita kukagunda m'mbali. Kokerani kutsogolo pafupifupi mita, mugwire pakati ndi dzanja limodzi, wina abweze mpukutu kumbuyo mpaka ukungike mofanana mbali zonse, ndiye mutsitse chogwirira. Kenako yendetsani mita imodzi osasindikiza, mukuyang'ana mphepete pa mzere wa platen. Ikamasuntha, kwezani muyambirenso. Ndikupita ku mzikiti ku Juma, tionana.

Yusufu:
Komabe ine ndikuti kukweza head n'kosavuta. Zonsezi za mswachi ndi tochi, kasitomala akudikira.

Bambo Mbewe:
A Yusufu, pa chikwangwani choonera patali kwezani mmene mungafunire. Pa pulani ayi. Head ikatalikira, timadontho ta inki timamwazika tisanafike, mizere yopyapyala imachita mthunzi ndipo timanambala tating'ono timadzaza. Mmisiri ali pamalo omanga, pepala lapindidwa kanayi lili ndi fumbi la simenti, akuwerenga 3 kapena 8 pa muyeso wa chipinda. Akalakwitsa pamenepo khoma lagwetsedwa. Kwezani sitepe imodzi pa tsamba la chithunzi lija ngati palibe kuchitira mwina, mukamaliza mubweze.

Gift:
Ndipo head ikamakhula musamangoti bola yatuluka. Pansi pake pali timabowo ta inki tosaoneka ndi maso. Kukhula kulikonse kumapaka fumbi la pepala pamenepo, ndipo pepala lokwinyika likaigunda mwamphamvu ena amafa osadzukanso. Mtengo wa head mukuudziwa nonse. Mukangomva phokoso la kukhula, imitsani ntchito pompo.

Mayina a m'menyu amasiyana. Pa Epson muyang'ane Platen Gap ndi Paper Suction. Pa Canon ndi Head Height ndi Vacuum Strength. Pa HP zambiri zimatsata mtundu wa pepala umene mwasankha. Chenjezo pa suction, mphamvu yoyamwira mpweya ija: musangoika yamphamvu kwambiri poganiza kuti ndiye bwino. Pepala lopyapyala lonyowa likayamwidwa kwambiri limakanirira pa platen, silisuntha mokwanira, mumayamba kuona mizere yopingasa pa chithunzi. Onjezerani sitepe imodzi, yesani, muone.

Mayi Nachisale:
Abale inu zimene ndatulutsa m'timabowo! Mzere wonse wapakati unali wotsekeka ndi zinthu zotuwa zolimba, thonje likutuluka lakuda bii. Pabowo lina ndapeza phiko la kachilombo. Ma roller onse akuzungulira, palibe kophwatalala, koma yapansi inali ndi ufa woyera m'mizere yake. Ndatsegula mpukutu wina umene jumbo yake inali yosang'ambika. Mapulani a mizere atuluka oyera onse, pepala lagona pansi kuti phwa. Latsala tsamba la nyanja lija, likutukumukabe ngakhale kukhula kwachepa.

Bambo Mbewe:
Limenelo ndi inki basi. Pali njira zingapo, musankhe malinga ndi thumba. Yabwino ndi kusindikiza tsamba limenelo lokha pa pepala la coated lolemerako, 120 gsm kapena kuposa. Lili ndi choyanga pamwamba chimene chimagwira inki isanalowe mu tiulusi, ndipo kukhuthala kwake kumalimbana ndi kutukumuka. Mumuuze kasitomala kuti tsamba la chithunzi mtengo wake ndi wina, asamalipire nyanja pa mtengo wa mizere.

Ngati mulibe, chepetsani inki. Muonetsetse kuti mu kompyuta mwasankha plain paper, chifukwa mukasankha coated kapena photo pomwe mwaika bond, pepala wamba la 80 lija, makina amathira inki yoyenera pepala lokhuthala. Musankhe quality yotsikirako. Kapena mupemphe wojambulayo apepuze buluu wa thambo, khonsolo sikuyeza kukongola kwa mitambo.

Fatuma:
Muonenso ngati makina anu ali ndi nthawi yodikira pakati pa ulendo uliwonse wa head. Pa Epson yanga ilipo. Imachedwetsa ntchito koma madzi amapeza mpata wouluka. Drying time ya kumapeto kwa tsamba ndi ina, imeneyo imangothandiza kuti lisapakike likagwa mu basiketi.

Yusufu:
Nanga fani ya padenga? Ine ndimayatsa kuti ziume msanga.

Gift:
Ya padenga bola, koma musalozetse fani pakamwa pa makina. Imakweza mutu wa pepala komanso imaumitsa head. Ikhale ikuomba pomwe pepala latuluka kale.

Mayi Nachisale:
Coated ndilibe. Ndasankha plain paper, ndatsitsa quality, ndakweza head sitepe imodzi pa tsamba limenelo lokha. Latuluka lopanda mzere wakuda, buluu watumbuluka pang'ono koma likuoneka. Lili ndi timafunde tochepa, ndaligoneka patebulo ndatsendereza ndi ma ream a A4. Nanga theka la mpukutu wa mafunde uja nditaye?

Bambo Mbewe:
Musataye. Umangeni m'jumbo yabwino ndi silica, ugone pamatabwa, osauimika. Mafunde ang'onoang'ono amachepa, ngakhale mphepete imene inaphwanyika pasimenti sibwerera. Ndi wa 914 mm, A1 chopingasa imafuna 841, ndiye pali mamilimita 73 otsala. Mukhoza kusunthira chojambula kumbali yabwinoyo. Koma head imadutsabe pamwamba pa mphepete yoipayo, choncho ngati mafunde ali aatali muudule ma sheet, muchepetse mbali imeneyo ndi mpeni ndi rula, muzisindikizira zoyesera. Dziwaninso kuti mukamayandikira kumapeto, makamaka pa mipukutu ya chibowo cha ma inchi 2, pepala limakhala lopiringizika kwambiri ndipo mutu wake umadzuka. Ya ma inchi 3 sivuta kwambiri pa zimenezi.

Che Jafali:
Ndabwerako. Sikomo amayi kuti zatheka. Za minibasi zija, ine katundu wanga ndimauza ogulitsa asachotse mu katoni, ndipo ndimalipira mpando kuti asaike kumbuyo pamodzi ndi matumba ndi zidebe. Kondakitala akaona chinthu chachitali amachipinda kuti chitseko chitsekeke. Pofika pa Liwonde mphepete yatha kale.

Fatuma:
Ine Lachiwiri ndikupita ku Limbe ndi galimoto ya achimwene anga, kumbuyo kuli malo. Amene akufuna mipukutu alembe kukula kwake ndi gsm, tigawane mafuta. Ya 3.2 m ya Che Jafali yokha ndiyo singalowe.

Mayi Nachisale:
Ndilembeni achemwali. Bond ya 80 iwiri ndi coated ya 120 umodzi, yonse ya 914. A Gift, spindle yanga, ndodo yovekapo mpukutu ija, ndi ya ma inchi 2, coated imeneyo ikabwera ya chibowo cha 3 ndichita bwanji?

Gift:
Pamakhala ma adapter awiri apulasitiki ovekera pa spindle, makina ambiri amabwera nawo m'katoni. Fufuzani momwe munasunga ma CD ndi buku. Mukawasowa muuze achemwali afunse ya chibowo cha 2 asanalipire, ndipo asuzumire mbali zonse ziwiri za mpukutu ngati jumbo ili yomata.

Kondwani:
Achemwali Fatuma mundigulireko vinyl yoyera ya 1.27 m, ndalama nditumiza pa foni Lolemba madzulo.